Levulo ya Agogo Anu ndi Kona ya pa Chigongono

Rumbi, tabwera nalo kuno bukulo. Kuyambira m'mawa ukungolitsonya, lakulakwira chiyani? Bwera nalo, sindilidya. Ndikudziwa kuti sindiwerenga, usandikumbutse. Maso angawa kusukulu sanapiteko koma zithunzi amaona. Taku, chotsa zingwezo m'makutu, usunthe dengu la tomatolo, dzuwa lafika pamenepo.

Ehe. Aka ndi kagalimoto. Kakhala pamsewu wopendekeka. Nanga mivi yonseyi akulasa ndani? Wina waloza kumwamba, wina pansi, wina m'mbali. Galimoto imodzi, alenje atatu.

Wati chiyani? Tamumvani. "Hamungazvinzwisise, Gogo." Ndi kamlomo kokweza komwe. Ati sindingazimve. Ine Nankhoma sindingamve za msewu wopendekeka. Mwana iwe, nkhani imeneyi ndi imene inatsala pang'ono kukulepheretsa kubadwa. Iwe ndi Taku yemwe. Ukwati wa amayi anu unafika pakutha usanayambe, pakona pamsewu, m'matope, chifukwa cha zomwe zajambulidwa apazi. Bwenzi pakhonde pano pali mipando iwiri yopanda anthu, ine ndikudya ndekha mwamtendere.

Khalani pansi. Ndilankhula Chichewa, mumve musamve. Ndikanena kuti nyama yapsa mumamva bwinobwino.

Inu mwakulira m'tauni muno mu Bindura, komboni ya kumgodi mumangoidziwa popita kumanda. Ine ndinabadwira komweko. Bambo anga anachita kuyenda wapansi kuchokera ku Malawi, atavala nkhwaira za matayala, kudzafuna ntchito ya pansi pa nthaka. Inu kupita pashopu apa mumafuna kukwera kombi. Tsono msewu wochoka kukomboni kupita kumsewu waukulu unkatsika phiri, ukafika m'munsi n'kukhota kamodzin'kamodzi ngati mkono wopinda. Tinkati pa Chigongono. Kunja kwa konayo kunali kotsetsereka, m'munsi mwake minda ya chimanga. Amene anapanga msewuwo anaukweza mbali yakunja, mbali yamkati n'kuitsitsa, monga pachithunzi chakochi, kungoti panalibe mivi.

Ndili mtsikana tinkakwera malole a kumgodi kumbuyo, choimirira. Lole inkafika pa Chigongono ili paliwiro, iwe n'kutseka maso kuti lero ndiye tapita. Koma ayi. Unkangomva miyendo ikulemera, ngati wina akukukanikizira pansi, lole n'kuzungulira bwinobwino ngati ili panjanji. Sindinafunse aliyense chifukwa chake. Thupi linkadziwa lokha. Wavinako chimtali iwe? Ayi, inu mumavina muli malo amodzi ngati mwaponda linthumbu. Ife tinkavina mozungulira bwalo, ng'oma ikathamanga nafe tinkathamanga, ndipo aliyense ankapendekera mkati mwa bwalo. Woima chilili ankapezeka ali m'miyendo mwa oonerera. Nditakula ndinayamba kupalasa njinga kupita ku Masembura kukatenga tomato, dengu lalikulu pakaliyala. Pakona ukapanda kugoneka njinga, tomato amapita kwawo, iwe kwanu. Zinthu sizifuna kukhota, ana inu. Chilichonse chothamanga chimafuna kupita kumene chaloza. Kuti chikhote pafunika china chochikankhira mkati.

Aphunzitsi ako ananena zomwezo? Ndiye bwanji amavala tayi ine ndikugulitsa tomato?

Tsopano agogo anu aamuna, a Kwenda, amene inu munkati Sekuru. Mulungu awasunge kumene aliko, koma asawapatse chomangira. Anali mmisiri womanga nyumba za pamgodi. Anali ndi levulo, kathabwa kaja kali ndi kagalasi kamadzi pakati, m'madzimo muli kathovu. Kathovu kakakhala pakati ndiye kuti chinthu chawongoka. Munthu uja ankakhulupirira zinthu ziwiri, Mulungu ndi kathovu, ndipo Lamlungu lokha ndi limene Mulungu ankakhala patsogolo.

Tsiku lobwera kudzandifunsira, m'malo moyang'ana ine anayang'ana tebulo la amayi anga. Anapinda kapepala n'kuika kunsi kwa mwendo wake. Amayi anati, "Mwana wanga, uyu ndi mwamuna wosamala." Ine ndinati, "Amayi, uyu ndi matenda." Ndinakwatiwa nawo matendawo zaka zonse zija. Bedi lathu linapimidwa. Mafuwa anapimidwa. Ndili ndi pakati pa amayi anu Esinati ndinadzidzimuka masana ena nditagona pamkeka, levulo ili pamimba panga. Ati akuona ngati mwana wakhala bwino. Ndipo anali ndi mawu awo a Chilapalapa, chilankhulo chija ankakalipirana nacho kumgodi. Ankatulutsa chifuwa chonchi, n'kunena ndi mawu a kukhosi, "Lo levulo aikona khuluma manga." Ndiye kuti levulo sinama.

Mgodi utatseka, chigalimoto chopala msewu chinasiya kubwera. Amuna onse a m'komboni anangokhala, mafosholo ali nawo, nthawi ali nayo, chochita alibe. Palibe choopsa ngati chimenecho. Mvula inakokolola timiyala ta pa Chigongono, mbali yamkati ija n'kudzaza matope. Tsono msewu wopendekeka uli ndi khalidwe lake. Wothamanga umamusunga, koma woyenda monyang'wa, pansi pakaterera, umamutsetserezera mkati. Ngolo za ng'ombe zinkatsetserekera m'ngalande. Ndipo agogo anu ankapalasa njinga ngati akuperekeza maliro, msana uli njo, chipewa chili pamutu.

Tsiku lina akuchokera kumsonkhano wa madikoni, suti ili m'thupi, anafika pa Chigongono pang'onopang'ono monga mwa masiku onse. Njinga inangoti tsetsereru chammbali, iwo khu m'ngalande, miyendo m'mwamba. Pafupi pomwepo panali mjigo, amayi ali ndi zidebe zawo. Anaseka mpaka wina anakhala pansi. Ine ndinalipo. Sindinaseke kwambiri.

Anafika kunyumba, anatenga levulo, n'kubwerera. Ine pambuyo. Anaiika pamsewu. Kathovu kanathawira kumapeto kwenikweni ngati kaona apolisi. Anaimirira n'kugwira m'chiuno.

"Nankhoma, bwera udzaone. Zaka zonsezi takhala tikuyenda pamsewu wolakwika. Amene anapanga apa anali ataledzera."

Ine ndinati, "Bambo a Esinati, anachita dala. Malole amatsamira pamenepo."

"Lole imatsamira? Ndi nkhalamba?"

"Mukauwongola galimoto zizipitirira kumunda uko."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Nankhoma, unaphunzira kuti zomangamanga? Sitandade chani?"

Pamenepo ndinatseka pakamwa. Inu mukudabwa kuti ine ndinatsekapo pakamwa. Zinkachitika, kamodzi pa zaka khumi. Mawu a sukulu ankandilasa pamtima, ndipo iwo ankadziwa.

M'mawa mwake anamema amuna onse. Mapiki, mafosholo, mawilibala. Anakumba mbali yokwera, dothi lake n'kuthira mbali yotsika. Milungu itatu akuimba nyimbo za kumgodi, osangalala kuti apezanso kolawirira. Ndiye poti agogo anu anazolowera kukonza pansi pa nyumba, anati timiyala totsala tija n'tonyansa, tikubaya ana kumapazi. Anatisesa tonse. Anabweretsa katondo, dothi lofiira lija, anathira, anatsira madzi, anapondaponda, anasalaza. Kunangotsala kupaka polishi ndi kuika maluwa. Anaika levulo, kathovu kali pakati ndendende. Anthu anawomba m'manja. Mvula inali itatha, kunali chilimwe, pansi pouma gwa, galimoto zobwera kukomboni zinali zowerengeka, palibe chinachitika. Agogo anu ankapita madzulo aliwonse kukauyang'ana msewuwo ngati mwana wawo wachisamba.

Rumbi, chija umati firikishoni n'chiyani? Kugwirana kwa tayala ndi pansi. Basi? Dzina lonse lija? Ndiye mvera. Pakona yafulati, chogwira galimoto kuti isapitirire ndi chimenecho chokha. Tayala likaluma pansi, mwakhota. Likapanda kuluma, mwapita. Ndipo katondo akanyowa amaterera kuposa therere. Agogo anu anachotsa chotsamira, anachotsanso choluma, n'kulandira ulemu.

Chaka chomwecho amayi anu, Esinati, anabwera ndi mnyamata wa ku Musana, Tichaona. Bambo anu amenewo, nthawi imeneyo ali ndi tsitsi ndi khosi. Ife tinamukonda. Koma kwawo sanatifune. Ankati ndife mabhurandaya, anthu obwera, opanda mudzi, oikidwa m'manda a kampani. Ndipo kwa Ashona mukudziwa, mawu a tete, mlongo wa bambo, ndi olemera. Tete wa bambo anu anali mayi wamfupi, wouma, woyang'ana chammbali ngati nkhuku. Inu simunawaone. Anakana, anakana, mpaka anatopa. Pomaliza anati chabwino, koma iwo aziyang'ana. Makolo awo akufa akakhala kuti sakufuna, aonetsa chizindikiro, ndipo chikaoneka iwo abweza mwana wawo. Ananena pamaso pa tonse, akuloza ndi chala chonchi.

Ukwati unaikidwa mwezi wa Khirisimasi, ku tchalitchi cha m'tauni muno. Mkwati anatsogola kukadikira kutchalitchi. Tete ndi abale awo anayi anabwera kukomboni dzulo lake kudzatenga mkwatibwi. Ife tinapeza lole ya Jailosi, amene kale ankayendetsa malole a kumgodi. Iye analowa m'komboni m'mamawa kudzera njira yakumtunda, chifukwa anayamba wakatenga mabenchi, ndiye pa Chigongono pokonzedwapo anali asanapaone. Matayala a lole yake anali ndi dazi kuposa la agogo anu. Mvula inagwa m'bandakucha, n'kusiya.

Ndinapita pawindo lake. "Jailosi, pa Chigongono uyende ngati wanyamula mazira. Anakonzapo."

"Mayi, kona imene ija ndaidutsa zaka ndi zaka. Ndingathe kuikhota ndili m'tulo. Ngati anakonzapo ndiye bwino kwambiri."

Agogo anu kumbuyo kwanga, "Usamumvere, Jailosi. Ukapeza msewu ngati tebulo."

Ananena zoona. Tebulo lake lonyowa.

Tinachedwa, monga ukwati uliwonse. Kutsogolo kunakhala Jailosi, Esinati mu diresi loyera, ndi Tete kukhomo. Kumbuyo tonse, mabenchi, mabeseni a mpunga, nkhuku zokazinga, malalanje, keke pathireyi, madikoni atatu, ndi azakhali a Dorika, mlongo wawo wa agogo anu. A Dorika anali munthu wathupi. Sindikunyoza akufa. Ndikungoti pokwera lole anthu awiri ankakoka, atatu ankakankha. Iwo ndiwo ankatsogolera nyimbo, atakhala pabenchi la mbali yakunja.

Tinatsika phiri tikuimba. Phazi la Jailosi linkakumbukira kona yakale, ndiye linaponda monga linkapondera kale. Ine ndinagwira chitsulo ndi manja awiri n'kusiya kuimba. Tinafika. Jailosi anapotoza chiwongolero. Matayala akutsogolo anakhota, ndinawaona ndi maso angawa, koma lole inakana kumva. Inangopitirira kumene inaloza, mwaulemu, mopanda phokoso, tsetsereruuu, ngati mwana pamatope. Nyimbo inathera pakati pa mawu. Kenako gubudu, gubudu, phwa, tili m'chimanga cha eni ake, mphuno ya lole ili m'matope, thako lili m'mwamba.

Sanafe munthu, musatuzule maso. A Dorika anagubuduka n'kukathera pamwamba pa madikoni onse atatu, mmodzi akungomveka kamawu pansi, "Mayi, ndipumeko." Mpunga unali paliponse. Keke inapezeka itavala chipewa cha agogo anu. Chitseko chakutsogolo chinatseguka, Tete n'kutuluka chokwawa, duku palibe. Amayi anu potsika anamira m'katondo, diresi loyera lija linafiira mpaka m'chiuno.

Ife tinayamba kuseka, kuseka kwa anthu opulumuka. Koma Tete sanaseke. Anaimirira, anapukuta manja, anayang'ana diresi lija, n'kunena ndi kamawu kawo kowonda, "Ishura iri. Vadzimu varamba. Hakuna muchato." Malodza awa, mizimu yakana, kulibe ukwati. Anauza abale awo kuti atole zikwama, akatenge Tichaona kutchalitchi, azipita kwawo.

Ndinayang'ana amayi anu. Sanalire. Anangoima m'matopemo atagwira maluwa awo ndi manja awiri, akuyang'ana bambo awo. Akanalira bwenzi zili bwino.

Agogo anu anakonza tayi. "Amayi, pepani, si mizimu. Ndi mlongo wangayu. Anakhala mbali yakunja, kulemera kwake n'kumene kwakoka lole."

A Dorika ali pansi, mpunga uli m'tsitsi, "Achimwene, ine?" N'kuyamba kulira mokuwa ngati pamaliro.

Tete anafunsa, "Mayiyu wayamba lero kunenepa? Sanakwerepo lole panjira ino?"

Anthu anati anakwerapo kambirimbiri.

Agogo anu anati, "Ndiye ndi dalaivala. Amathamanga."

Jailosi anavula kapusi. "Ine ndadutsa pano ndi miyala yodzaza lole, liwiro loposa ili, mvula ikugwa. Sindinagwepo."

Tete anatambasula manja. "Mwamva. Mayi ndi yemweyo, dalaivala ndi yemweyo, njira ndi yomweyo. Chasintha n'chiyani lero? M'lolemo mwakwera mkwatibwi." Anatembenuka kuti azipita.

Tete uja anali ndi mutu, ndimupatse zake. Anangophonya chimodzi, njira sinali yomweyo. Komboni yonse inkadziwa, koma amuna onse amene anali pamenepo anagwirako fosholo, ndiye aliyense ankayang'ana nsapato zake. Ine ndikananena ndekha, Tete akanati ndi mayi wofuna kukwatitsa mwana, anganene chilichonse. Pankafunika pakamwa pa mwini wake.

Ndinatola beseni la mpunga, ndinakhuthula wotsalawo. Ndinatola thireyi ya keke. Ndinatola lalanje m'matope. Taku, ndipatse beseni ilo ndi mbale yafulatiyo. Bweretsa tomato mmodzi, wolimba, osati wakupsa.

Ndinati, "Tete, musanapite taonani kuno." Ndinaika lalanje m'beseni n'kuyamba kuzunguza chonchi. Mukuona? Likukwera m'mbali, likuzungulira, likuthamanga, koma silikutuluka. Khoma lopendekekali likulibweza mkati. Ndinati, "Iyi ndi njira yathu yakale." Kenako ndinaliika pathireyi. "Iyi ndi njira ya lero." Ndinazunguza kamodzi.

Taku, katole tomatoyo, wapita kuseri kwa mpando.

Tsiku limenelo lalanje linauluka n'kukamenya Tete pachifuwa. Sindinachite dala. Ndakhala ndikunena zaka zonsezi kuti sindinachite dala.

Tete anagwira pachifuwa. "Ndiye njira inasanduka thireyi yokha?"

Ine ndinatembenuka. "Bambo a Esinati, ayankheni."

Ana inu, ndinakhala ndi munthu uja zaka zambiri, sindinamumvepo akunena kuti ndalakwa. Akaponda phazi lako ankati phazi lako linali pamalo olakwika. Anapisa dzanja m'thumba la jekete. Anali ndi kalevulo kakang'ono kam'thumba, anakatenga ngakhale pa ukwati wa mwana wawo. Anakwera kumsewu, akuterereka, tonse tikuwatsatira. Anagwada ndi suti yawo m'matope n'kukaika pansi. Kathovu kanakhala pakati, phee.

"Onani," anatero. "Kali pakati."

Ndinati basi, munthuyu asankha kathovu.

Anadzutsa mutu, anayang'ana Esinati amene anali atakwera naye kumsewu, diresi likudontha. Esinati anangoti, "Baba." Mawu amodzi okhawo.

Agogo anu anavula chipewa chija, chimene anali atatola n'kuvalanso chili ndi keke yake, n'kutembenukira kwa Tete, akadali chogwada. Chishona chawo chinali chothyokathyoka ngati mpando wa m'bala. Anati, "Amayi, mizimu ya kwanu musainamizire. Njira iyi inali yopendekeka. Ndinaiwongola ndine, ndi manja awa. Mkazi wangayu anandiletsa, ine ndinamufunsa sitandade yake. Ndini benzi racho." Chitsiru chake ndine.

Dikoni mmodzi anatsokomola. "Nanenso ndinakankhako wilibala." Wina, "Ine ndinasesa timiyala." Anayamba kuulula mmodzimmodzi ngati pa chitsitsimutso.

Tete anayang'ana agogo anu ndi diso limodzi, anayang'ana msewu, anaupalasa ndi nsapato, nsapato n'kuterereka. Anatola lalanje lija, analiika okha pathireyi, anazunguza, linagwa. Analiika m'beseni, anazunguza, anazunguzanso, mpaka tinayamba kuona ngati aiwala za ife. Kenako anati, "Midzimu ndinoitya. Asi mapenzi ndinawo kumba." Mizimu ndimaiopa, koma zitsiru ndili nazo kunyumba, ndimadziwa kukhala nazo. Anavula nsalu yawo ya m'chiuno, anamumanga Esinati pamwamba pa diresi lofiiralo, n'kunena kuti, "Handei, muroora." Tiyeni, mpongozi.

Tinayenda wapansi mpaka kumsewu waukulu, tinakwera makombi awiri. Bambo anu tinawapeza pakhomo la tchalitchi atatuluka thukuta mpaka m'masokosi. Chithunzi chili m'chipinda chija, mumafunsa chifukwa chake amayi anu anavala chitenje pa ukwati wawo, iwo n'kumati inali fashoni. Inali fashoni ya pa Chigongono.

Tete anasiya lamulo limodzi, lakuti sadzapondanso kukomboni njira ija isanabwerere mwakale. Ndiye mvula itadukiza amuna anatenganso mafosholo, ife amayi tikusenza timiyala pamutu kuchokera ku mulu wa kumgodi. Vuto linali lakuti palibe ankadziwa kuti apendeketse bwanji. Mukakweza pang'ono lole ipitirira, mukakweza kwambiri ngolo zigwera mkati. Agogo anu anangoima, manja ali lende, levulo yopanda ntchito. Anandimvetsa chisoni. Anali ngati m'busa amene nkhosa zake zalowa mpingo wina.

Ndinati, "Jailosi, liza lole." Ndinathira madzi m'beseni n'kuliika pampando pakati pathu. Tinadutsa pakona ndi liwiro la masiku onse, osati la ukwati. Madzi anathamangira kunja n'kundinyowetsa. Ndinakuwa pawindo, "Kwezani." Anakweza. Tinadutsanso, anatayika pang'ono. "Kwezaninso." Masiku anayi tikuchita zimenezo, chitenje changa osauma. Tsiku lachisanu tinadutsa, madzi anangokhala duu, ngati beseni lili pakhonde.

Agogo anu anati, "Tandilolani ndikwere." Anakhala pakati, anaika levulo yawo yaikulu pamiyendo, mopingasa. Lole itaima pakonapo, kathovu kanali kumapeto. Jailosi anabwerera kumtunda, anatsika ndi liwiro lake lija, tinalowa m'kona. Kathovu kananyamuka pang'onopang'ono, n'kudzakhala pakati ndendende, mpaka kona inatha.

Munthu wamkulu anagwetsa misozi. Anatulutsa chifuwa. "Nankhoma, waona? Lo levulo aikona khuluma manga. Ndimangoiika pamalo olakwika. Imafuna kukwera lole."

Pofika chaka chotsatira ankauza alendo kuti nzeru ya beseni inali yawo. Ndinawasiya. Ndinali nditapeza kale mkamwini.

Tsopano Rumbi, tayang'ana m'bukumo undiuze chinthu chimodzi. Kulemera kwa galimoto kuli pati? Kachilembo ako? Nanga bwanji wakadula ndi pensulo uku ndi uku? Kamachoka? Tanena bwino. Yolemera ndi yopepuka zimayamba kuterereka paliwiro limodzi? Ndiye kuti a Dorika analibe mlandu ngakhale pang'ono. Mayi uja anafa anthu akumutchulabe kuti Chigwetsalole. Anasiya kudya mbatata chifukwa cha dzina limenelo, kwa milungu iwiri. Tikapita kumanda utenge bukulo ukawawerengere pamutu, mokweza, ankamva movutikira.

Za kumandazo, amalume anu a Yohane anabwera dzana. Ati manda a Sekuru apendekeka, mvula yafukula mbali imodzi, akufuna kugula simenti akawongole. "Amayi, bambo anali munthu wa levulo, sangagone mokhota, anthu atiseka." Levuloyo tinawaika nayo m'bokosi, ali nayo komweko, ngati zikuwavuta adzipimira okha.

Ndinapita kukaona. Apendekekadi. Mbali yakunja yakwera, ndipo atsamira mbali ya kumanzere, kumene kuli malo opanda kanthu amene anandisungira ine.

Ndawauza amalume anu kuti simentiyo akamangire khola la nkhuku. Munthu uja anavutika kuti aphunzire kupendekera mkati, wina asakamuwongolenso.

Tenga buku lako, Rumbi, mivi yako ikukudikira. Ukalemba mayeso n'kulephera funso la kona, usadzanene kuti ndiwe mdzukulu wanga, udzati ndiwe wa a Kwenda. Taku, tomato uja waphwanyika, ndamuona. Umudya ndiwe.